Mwachedwa, Galu wa Malemu

Amake mapasa ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa chipata, pa mzere wa nyumba za antchito. Kutsogolo kwa nyumbazo kunali msewu wafumbi umene mahatchi ankadutsa akamachokera ku khola kupita ku bwalo lophunzitsira ana kukwera. Dzina loti amake mapasa linangowakanirira, chifukwa mmodzi wa mapasawo anamwalira asanamere n'komwe mano. Anatsala wamkazi, amene anakula, n'kukwatiwa, n'kupita kutauni. Anthu sanasinthe kaitanidwe, ndipo iwo sanawaletse. Ankati, "Ndinabereka awiri. Mulungu akudziwa, msana wanga ukudziwanso."

Ntchito yawo inali yochapa, zaka makumi awiri ndi zisanu. Osati zovala za anthu ayi, koma mabulangete ofunditsa mahatchi, nsalu zoyala pansi pa chishalo, ndi mabandeji omanga m'miyendo. Zinthu zimenezi zikanyowa zimalemera ngati mtembo, zimanunkha thukuta ndi mkodzo, ndipo ubweya wake umalowa mpaka m'kamwa. Chipinda chochapira chinali kuseri kwa nyumba, cha simenti yosweka, mpopi umodzi ndi mabeseni atatu achitsulo. Manja awo anali ong'aluka moti kutchalitchi akamaomba m'manja zinkamveka ngati munthu akumenyanitsa matabwa.

Amuna awo ankasamala mahatchi ku khola komweko. Anali munthu wosayankhulayankhula komanso wosadziwa kuweruka msanga. Tsiku lililonse akamalowa m'nyumba, moni wa akazi awo unali umodzi womwewo: "Mwachedwa." Tsiku lina analowa ndi kamwana kagalu m'thumba la jekete, kakunjenjemera, atakatola m'ngalande.

"Mwachedwa," anatero amake mapasa.

"Ndiye dzina lake limenelo," anayankha bambowo, akukatsitsa pansi. "Muzimuuza iyeyu, ine makutu atopa."

Galuyo anakula n'kukhala wofiirira, wa khutu limodzi logwa, wakuba mazira, wosamvera wina aliyense koma bambowo. Ndipo anali ndi chizolowezi chawo awiriwo. Madzulo ana okwera akabalalika, bambowo ankatulutsa hatchi yokalamba yotuwa, imene ankaitcha Phulusa, kuti akaiwongole miyendo. Akafika pa nyumba yachitatu ankapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka buledi kotsala pa nkhomaliro. Mwachedwa akangomva ziboda ankatuluka liwiro la mtondo wadooka, n'kuzungulira kumanzere kwa hatchiyo, n'kulumpha mpaka pa bondo la mbuye wake, n'kuwakha bulediyo m'malere. Phulusa inali itazolowera, sinkadzidzimuka. Amake mapasa nawo akamva zibodazo ankadziwa kuti kwatsala theka la ola, n'kutereka madzi a tiyi. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho.

Bambowo anagwa Lachiwiri masana, ali ndi chidebe m'manja, m'khola la Phulusa. Anawatulutsira chipata chakumbuyo pa galimoto, ndipo anakafika kuchipatala atazizira kale. Bokosi litabwera kunyumba, galuyo anauwa anthu mosalekeza, mpaka amake mapasa anati, "M'tsekereni kochapira, akutisokoneza nyimbo." Anakhala mmenemo masiku awiri. Mmene ankamutsekulira n'kuti anthu atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, pakhomo atasesa. Ananunkhiza nyumba yonse, pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, kenaka anakakhala pa geti ya nyumbayo n'kumayang'ana kumsewu.

M'mawa mwake mahatchi oyamba atadutsa, anawathamangira. Masana anathamangiranso. Hatchi iliyonse, yakuda, yofiira, yokwera mwana kapena wamkulu, iye liwiro basi, kuzungulira, kulumpha. Mahatchi enawo sankamudziwa. Ankabwerera chafutambuyo, kuponya mateche, kuimirira ndi miyendo iwiri. Poyamba antchito ankaseka. Kuseka kunatha tsiku limene mtsikana wina wa zaka khumi anagwa pamaso pa geti yomweyo, mkono n'kupindika pamalo posapindika. Amake mapasa anatuluka ndi thovu m'manja, n'kumva kulira kwa mwanayo. Tisanamizane, galu ndi galu, koma uja anali mwana wa munthu.

Kapitawo wa khola anabwera tsiku lomwelo, mfuti yake yophera agalu osokera ili paphewa. Sanali munthu woipa mtima, koma naye anali atakalipiridwa ndi mabwana mpaka thukuta.

"Mayi, mutulutseni."

"Ali kochapira. Musalowe, bambo kapitawo, ndakupemphani."

"Mwana wa eni wathyoka mkono. Mawa athyoka khosi. Mudzawauza chiyani makolo ake?"

"Ndimumanga pa unyolo."

"Mpaka liti? Unyolo umaduka, geti imaiwalika. Galu wothamangitsa mahatchi sakhala pano, inu mukudziwa."

Amake mapasa anagwada pafumbi pompo, manja a thovu ali pachifuwa. "Amuna anga agwira ntchito pano mpaka kugwera m'ndowe. Sanandisiyire ng'ombe, sanandisiyire nyumba. Anandisiyira jekete ndi galu wopusa uyu. Mundipatseko masiku."

Kapitawoyo anayang'ana kumbali. "Ana atsekera sukulu yokwera, abweranso pakatha milungu inayi. Tsiku lotsegulira ndidzaima pano. Galu adzakhale wosamanga, mahatchi adzadutse. Akadzangosuntha, musadzagwadenso, mudzangotseka makutu."

Ndiye anayamba kumuphunzitsa mmene iwo ankadziwira, ndi ndodo ya tsache. Sabata yoyamba inali yoipa, Ambuye atikhululukire. Galu akaona hatchi ya antchito ankadumpha geti n'kuthamanga, iwo n'kumakuwa, "Mwachedwa! Mwachedwa iwe, mwana wa njoka!" Akabwerera, lilime lili panja, ankamugwira pakhosi n'kumukwapula mpaka ndodo kuthyoka. Akatero ankalowa m'chipinda n'kugwada pambali pa bedi. "Atate, Inu munalenga galu, munalenga hatchi, bwanji simunazigwirizanitse? Ine mutu wanga ndi waung'ono." Podzafika Loweruka, galuyo anali akuthamangitsabe mahatchi, koma tsopano akaitanidwa sankabweranso. Ankakabisala pansi pa thanki yamadzi mpaka njala imutulutse.

Amene anaona zonsezi anali alamu awo, mng'ono wa malemu, amenenso ankagwira ntchito ku khola. Anali munthu wanthabwala, wa mano atatu kutsogolo, wosakwatira chifukwa, mwa kunena kwake, akazi onse abwino anatha ndi achimwene. Anafika Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi, n'kukhala pa beseni lovundikira.

"Alamu, ndamva mwatsegula sukulu. Wophunzira mmodzi, ndipo wathawa kale."

"Ngati mwabwera kudzaseka, geti ndi iyo."

"Ndifunseko. Mumam'menya nthawi yanji?"

"Akabwera."

"Ehe. Ndiye mukum'menyera kubwera. Iye akuti, kuthamanga n'kokoma, kubwerera kwa mayi n'kowawa. Ngakhale ine, mukanandimenya tsiku lililonse ndikalowa pano, bwenzi ndikudyera kwina."

"Inu ndiye ndikanayamba kale."

Alamuwo anaseka, kenaka nkhope inasintha. "Komanso mwaonetsetsa mmene amathamangira? Galu wodana ndi hatchi amalowera kumbuyo, amafuna kuluma mwendo. Uyu wanu amalowera kumanzere, amalumpha, maso ali m'mwamba. Sakuyang'ana hatchi, alamu. Akuyang'ana amene wakwerapo."

Madzi ankadontha pa mpopi, amake mapasa osawamva. Anakumbukira mawu awo omwe, m'tsekereni kochapira. Anthu onse a pa mzerewo anaona nkhope ya malemu m'bokosi, ngakhale amene sankawapatsa moni. Galu yekha, amene ankagona pa nsapato zawo, ndiye sanaone kanthu. Iye ankangodziwa kuti munthu uja anapita kuntchito, ndipo amabwera pa hatchi.

"Ndiye ndimuuza bwanji?" anafunsa motsitsa.

"Kumuuza sitingathe. Koma buledi uja ankachokera m'mwamba. Tsopano azichokera pansi, kwa inu."

Anayamba Lolemba. Amake mapasa anamasula chingwe choyanikira mabulangete, chachitali, n'kuchimangirira pa lamba wa m'khosi mwa galu. Ndodo anaiponya pamoto iye akuona. M'thumba la epuloni anadzazamo tizidutswa ta buledi. Alamu pa nthawi yawo yopuma ankatulutsa hatchi yofatsa n'kukaima nayo kutali, kumapeto kwa msewu, kumene inkaoneka ngati mbuzi. Galu akangoimika khutu, amake mapasa ankamutchula dzina kamodzi, chapansipansi. Akatembenuka n'kuwayang'ana, buledi. Akapanda kutembenuka, osakoka, osakalipa, alamu ankangobwerera m'mbuyo ndi hatchiyo mpaka galu mtima utakhala pansi.

Masiku awiri oyamba galuyo sankalandira n'komwe buledi m'dzanja lawo. Ankayang'ana dzanjalo n'kuweramitsa mutu, kudikira kuti limugwere. Zimenezo zinawapweteka amake mapasa kuposa chilichonse. Ankauika pansi bulediyo n'kuyang'ana kumbali.

Kenaka galu anayamba kulandira. Hatchi inasendera mpaka pa mtengo wamagetsi, mawa lake mpaka pa nyumba yoyamba. Tsiku lina alamu anathamangitsa hatchi msanga, galu anaiwala zonse, chingwe chinathamanga m'manja ong'aluka aja n'kusiya magazi. Alamu anabwereranso kumapeto kwa msewu, kuyambiranso. Mabulangete anaunjikana kochapira, amake mapasa ankawachapa atakulunga mabandeji a mahatchi m'manja mwawo.

Mwana wawo anabwera kuchokera kutauni sabata yachitatu, n'kuwapeza atakhala pafumbi, galu ali pambali, akuyang'ana msewu wopanda kanthu.

"Amayi, anthu akuti mwazungulira mutu. Akuti kumapemphero a amayi munapempherera galu mokweza."

"Ndinapempherera. Amayi abusa anatsokomola, koma Mulungu sanatsokomole."

"Taonani manjawo. Tiyeni kwathu, muzikalera zidzukulu. Galuyu m'patseni munthu wina."

"Ndani angafune galu wokalamba, wakuba mazira? Ndipo kulikonse angapite adzabwerera pa geti pano."

"Ababa anapita, amayi. Galu sangawabweze."

"Ndikudziwa ine. Iyeyu ndi amene sakudziwa."

Mwanayo analowa m'nyumba kukapanga tiyi, ndipo anapeza pa tebulo makapu awiri otsuka, oikidwa kale, ketulo ili ndi madzi a anthu awiri. Anabwerera kutauni m'mawa mwake.

Pofika sabata yachinayi, hatchi inkadutsa pamaso pa geti, wokwera ali pamwamba, Mwachedwa atakhala tsonga pa phazi la amake mapasa. Thupi lonse linkanjenjemera, ankalira pang'onopang'ono ngati chitseko chosowa mafuta, maso ankapita m'mwamba kwa wokwerayo, kenaka ankabwerera ku epuloni. Chingwe anachifupikitsa, kenaka anachisiya chili pansi, kenaka anachichotsa. Sikuti mwambo wake unali wokongola ayi, koma ankakhala.

Tsiku lotsegulira linafika kuli mitambo. Amake mapasa anadzuka n'kupemphera pemphero lalifupi. "Atate, mwanditengera mwana, mwanditengera mwamuna, sindinakufunseni. Uyu yekha ndikufunsani." Anavala jekete la malemu pamwamba pa epuloni, n'kutsekula geti.

Kapitawo anaima tsidya la msewu ndi mfuti yake. Akazi a pa mzerewo anatuluka ndi ana kumbuyo, ena akunamizira kusesa. Mahatchi asanu ndi limodzi anatuluka m'khola atandondozana, ana ovala zipewa zolimba ali pamwamba. Ziboda zinayandikira, kupu, kupu, kupu. Galu anaimika khutu lake labwino lija.

"Mwachedwa," anatero amake mapasa chapansipansi.

Anatembenuka. Buledi. Yoyamba inadutsa, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi inafwenthera pafupi, galu anadzuka theka, n'kukhalanso yekha. Yomaliza itadutsa, mayi wina wa nyumba yachisanu analuluta. Kapitawo anagwedeza mutu, n'kuyamba kutembenuka kuti azipita.

Ndi pamene kunamveka ziboda zina, za hatchi imodzi, zoyenda pang'onopang'ono, phazi limodzi likukoka pansi. Amake mapasa anazidziwa asanaone. Ndipo, Mulungu ndi mboni, maganizo awo anapita ku ketulo.

Anali Phulusa. Chimwalirireni bambowo inali isanatulukepo m'khola, chifukwa mwendo unatupa ndipo panalibe wina woti n'kuilezera mtima. Mabwana anaigulitsa kwa anthu opha nyama, ndipo lole yawo inali itafika pa chipata m'mawa womwewo. Amene anatumidwa kuikoka anali alamu. Ankabwera nkhope ili pansi, chingwe m'manja, hatchi yopanda chishalo, nthiti zikuwerengeka. Atakweza maso n'kuona geti yotsekula, anafuula, "Alamu, m'gwireni! Sanandiuze kuti ndi lero!"

Dzanja la amake mapasa linali kale pa lamba wa m'khosi. Ankamva mtima wa galuyo ukugunda m'zala zawo. Galuyo sankaliranso ayi, anali chete, thupi lonse litaloza kumsewu. Akanatha kumugwira. Hatchi ikanadutsa, ikanakwera lole, ndipo galu akanakhala moyo, n'kumadikirabe pa geti mpaka tsiku lake lakufa. Anayang'ana mfuti, anayang'ana hatchi. Anamutsekera kamodzi kale. Zala zinatseguka.

Mwachedwa anauluka. Akazi anakuwa. Kapitawo anatsitsa mfuti paphewa, chitsulo chinalira kuti kwatya. Galu anazungulira kumanzere n'kulumpha, m'mwamba ndithu, mpaka pamene pankakhala bondo lija. Anagwa pansi, analumphanso. Phulusa sinadzidzimuke. Inangoima, n'kutsitsa mutu, n'kumupumira mpweya pamsana monga kale. Galu anazungulira mbali inayo, anayang'ana m'mwamba. Anabwereranso kumanzere, anaimika miyendo yakutsogolo pa nthiti za hatchiyo, n'kununkhiza msana wopanda munthu nthawi yaitali. Kenaka anatsika n'kuima chilili pakati pa msewu, mchira uli pansi.

Amake mapasa anayenda osathamanga, n'kukaima pakati pa galu ndi kapitawo. Sanagwade.

"Mwachedwa," anatero. "Tiye kunyumba. Kulibe."

Galu anawayang'ana, n'kubwera, n'kutsamira mwendo wawo. Anam'patsa buledi, koma sanalandire.

"Wathamangira hatchi, mayi," anatero kapitawo.

"Wathamangira. Ndam'masula ndine. Ngati mukuwombera, jekete ili likukudziwani, muyambe nalo."

Kapitawoyo anayang'ana hatchi yokalambayo, imene naye anaigwirapo ili mwana. "Ine ndinanena za mahatchi athu," anatero mokalipa, ngati wina wamuyamba. "Iyi si yathunso, inagulitsidwa dzulo. Inu, kokani chinthucho, lole ikudikira!" Anabweza mfuti paphewa n'kumapita osacheuka.

Alamu anakoka Phulusa mpaka pa chipata. Inakana kukwera thabwa lolowera mu lole kawiri, kachitatu anaikankha anthu anayi. Alamuwo pobwerera sananene nthabwala iliyonse. Anangodutsa pa geti, chingwe chopanda kanthu chili m'manja.

Chiyambire tsiku limenelo Mwachedwa sanathamangirenso hatchi. Anthu ankayamikira kuti amake mapasa ndi katswiri, ena mpaka kubweretsa agalu awo osamva kuti awathandize. Iwo ankawauza za chingwe chachitali, za buledi, za kusamenya galu amene wabwerera, koma zinazo sankanena. Galuyo pa geti sanakhaleponso. Anasamukira kochapira, m'chipinda chomwe chija anam'tsekeramo, n'kumagona pa mulu wa mabulangete akuda, mphuno ili m'kati mwa ubweya. Mahatchi akamadutsa sankaimika ngakhale khutu. Mazira anasiya kuba. Ankadya theka la mbale, mwina osadya, ndipo m'chiuno munalowa. Amake mapasa nthawi zina ankasiya kuchapa n'kumuyang'ana, n'kufunsa Mulungu mosabisa ngati anachita bwino kutsegula zala zija, chifukwa galu wothamanga uja anali ndi maso owala, pamene uyu wamoyoyu analibe. Yankho silinabwere.

Akuchapabe mpaka lero, manja omwe aja, mabeseni omwe aja. Madzulo amazimitsa mpopi, amam'gwira galuyo pamutu, n'kumuitana kuti alowe m'nyumba. Galuyo amadzuka mochedwa, n'kuwatsata. Kapu yachiwiri ija amake mapasa anaikweza pamwamba pa kabati, kumbuyo, kumene safikira popanda kukwera pa mpando.